Chilolezo Chikatuluka, Ndani Amabwerera Kumtsinje?

Chichitikireni msonkhano waukulu wa maiko wokambirana za chilengedwe ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, mu 1992, maiko ambiri ongotukuka kumene anakhazikitsa malamulo akuti mgodi kapena damu lisanayambe kukumbidwa, akatswiri aunike momwe ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe, amve maganizo a anthu okhala pafupi, kenako apereke lipoti ku boma. Chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti chilolezo chikangotuluka, lipotilo limakagona pa shelefu. Ndinaonapo mkulu wina woyendera ntchito atanyamula botolo la madzi ofiira a mumtsinje, koma analibe labotale yokawayezera, ngakhale mafuta a galimoto oti abwererenso mwezi wotsatira. Ine ndimaona kuti mwini ntchito azilipira ndalama zoyenderazo kudzera ku boma, ndipo anthu akumudzi aphunzitsidwe kuyeza madzi okha, popeza iwowo sachoka pamalopo.