Kuphunzitsa kuwerenga pakamwa pali potseka

Pamene boma linatseka sukulu pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana anga a Sitandade 1 anali atangoyamba kulumikiza maphatikizo. Tinadzaonananso pa 12 Okutobala, patatha miyezi yoposa isanu ndi umodzi, ndipo ambiri anabwerera ataiwala ngakhale kagwiridwe ka pensulo. Maphunziro a pa wayilesi analipo, koma m'mudzi mwathu makomo okhala ndi wayilesi ndi owerengeka, ndipo kumene ilipo mabatire amasungidwira nkhani za madzulo.

Chimene chinandisautsa kwambiri ndi masiki. Mwana wamng'ono amaphunzira maliwu a malembo poyang'ana milomo ya mphunzitsi, moti kuti asiyanitse "pa" ndi "pha", kapena "ba" ndi "mba", amafunika aone mmene pakamwa pakuyendera. Ine ndinkaima kutsogolo nditaphimba mphuno ndi pakamwa, mawu akutsamira m'nsalu, ana akumbuyo akungondiyang'ana m'maso. Ndikatsitsa masiki ndinkaopa kutenga matenda n'kukapatsira mayi anga okalamba amene ndimakhala nawo, ndipo ndikaisiya pomwepo ndinkadziwa kuti phunzirolo lapita pachabe.

Malamulo oti ana akhale motalikirana anali abwino, koma kalasi yanga inali ndi ana oposa 100 okhala pansi mothithikana. Tinawagawa m'magulu obwera mosinthana, zimene zinatanthauza kuti mphunzitsi yemweyo abwereze phunziro limodzi kangapo mpaka mawu kusasa. Tinasandukanso alonda a ndowa yosambira m'manja: kuonetsetsa kuti madzi atungidwa ku mjigo, kufoletsa ana, ndi kugula sopo ndi ndalama za m'thumba mwathu wa sukulu akatha.

N'chifukwa chake zinandiwawa kumva anthu ena akutinena kuti ndife adyera pamene bungwe la aphunzitsi la TUM linatsogolera kunyanyala ntchito mu Febuluwale 2021, pofuna ndalama za ukaziotche. Mwezi wa Januwale matendawa anali atapha anthu ambiri, kuphatikizapo nduna ziwiri zimene zinamwalira tsiku limodzi, ndipo ife tinkayembekezeka kubwerera pakati pa chikhamu cha ana ndi kansalu kamodzi kumaso. Ndinanyanyala nawo ndi mtima wolemera, chifukwa m'mawa uliwonse ana ena ankafika pakhomo panga atavala yunifolomu, kudzafunsa ngati tsiku limenelo kuli sukulu.