Chotupa chinachoka, koma kalasi ikumuvuta

Mwana wa mchemwali wanga anachira chotupa cha mu ubongo chotchedwa medulloblastoma. Tsitsi linameranso, akusewera bwinobwino. Koma ukamutuma zinthu zitatu, amagwira choyamba chokha. Pokopera za pa bolodi, anzake amatseka makope iye akadali pa mzere wachiwiri, ndiye amangoti zii, misozi ili lengelenge. Masiku ano amachitanso nkhawa akamva za mayeso.

Chimene chimandiimitsa mutu n'chakuti ana awiri atha kulandira radiation (chithandizo cha cheza chopha maselo a chotupa) yofanana, wina n'kumakhoza, wina n'kumavutika chonchi. Msinkhu umachititsa, n'chifukwa chake madokotala amayesetsa kupewa radiation ya ubongo kwa ana osakwana zaka 3. Koma majini amene mwana anabadwa nawo, tizinthu ta m'maselo timene timatengera kwa makolo, alinso ndi mbali. Jini ya COMT imathandiza kuphwanya dopamine (mankhwala a m'thupi onyamula mauthenga mu ubongo) kutsogolo kwa ubongo, ndipo ofufuza a ku chipatala cha ana cha St. Jude ku Memphis, ku America, anapeza kuti mitundu ya jiniyi imagwirizana ndi mmene ana ochirawa amasungira zinthu m'mutu kwakanthawi. Majini a GST, othandiza maselo kuchotsa zowononga, akufufuzidwanso.

Ine ndikupempha aphunzitsi ake kuti azimupatsa nthawi yowonjezera, ndiponso azimuuza chinthu chimodzichimodzi. Mwanayu si waulesi ayi.