Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Funso limene ndinasankha

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinakhoza mayeso olowera kafukufuku wa PhD. Chimene chinatsala chinali kusankha funso loti ndilimbane nalo zaka zonse zotsalazo, ndipo pamenepa palibe amene amakulembera silabasi.

Nthambi yanga ya fizikisi ndi theoretical condensed matter physics. Timafufuza chifukwa chake mkuwa umadutsitsa magetsi pomwe galasi limakana, komanso chimene chimasandutsa chitsulo kukhala maginito. Ife a theory sitigwira zida za mu labotale. Tili ndi pepala, bolodi ndi kompyuta basi.

Lamulo limene elekitironi imodzi (kanthu kakang'ono ka mu atomu kamene kamanyamula magetsi) imatsata linadziwika kale, mu 1926, pamene Erwin Schrödinger analemba equation yake. Koma m'kachitsulo kakang'ono koti ungakatsine ndi zala ziwiri muli ma elekitironi ochuluka mwakuti nambala yake ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro oposa 20, ndipo onsewo amakankhana. Mu 1972 Philip Anderson analemba m'magazini ya Science kuti tinthu tikachuluka chonchi timayamba khalidwe latsopano, limene sungalione poyang'ana kamodzi kokha. Ine mfundo imeneyi ndimaikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo chimene chinanditsimikizira ndi superconductivity, kudutsa kwa magetsi m'chinthu popanda chowabweza chilichonse.

Mu 1911, ku Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anaziziritsa mercury mpaka 4.2 kelvin, pafupifupi -269°C, n'kupeza kuti magetsi akudutsa popanda chowabweza chilichonse. Panapita zaka 46 kuti wina alongosole bwino chifukwa chake. Mu 1957 John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer anasonyeza kuti kunjenjemera kwa ma atomu kumachititsa ma elekitironi, amene mwachibadwa amakankhana, kugwirana awiriawiri n'kumayenda onse mogwirizana. Anthu ambiri ankaona ngati nkhani yathera pomwepo. Kenako mu 1986 Georg Bednorz ndi Alex Müller, ku labotale ya IBM kufupi ndi Zürich, anapeza superconductivity pa 35 kelvin m'zinthu zokhala ndi mkuwa ndi okosijeni, zimene timazitcha ma cuprate. Chaka chotsatira ena anafika pa 93 kelvin, kupitirira 77 kelvin pomwe nayitrojeni wamadzi amawira. Kunjenjemera kwa ma atomu pakokha sikukwanira kulongosola zimenezi, ndipo akatswiri akutsutsanabe mpaka lero.

Nditawauza Pulofesa anga kuti mtima wanga uli ku ma cuprate, sanayankhe msanga. Anapita pa bolodi n'kulemba mzere umodzi wa masamu.

"Mukuidziwa imeneyi?"

"Eya Pulofesa, ndi Hubbard model."

"Ndiye mudziwenso kuti simudzaimaliza. Ngati mungapirire zimenezo, tiyeni tiyambe."

John Hubbard anailemba mu 1963, ndipo ili ndi zigawo ziwiri zokha. Choyamba, chimene timachitcha t, chimanena kuti elekitironi imatha kudumpha kuchoka pa atomu imodzi kupita pa yoyandikana nayo. Chachiwiri, U, ndi mphamvu imene imafunika kuti ma elekitironi awiri akhale pa atomu imodzi. Taganizirani nyumba zondandalikana, iliyonse ili ndi munthu mmodzi. Aliyense akufuna kusamukira kwa neba, koma kulowa m'nyumba ya mwini n'kodula kwambiri, ndiye palibe amene amasuntha. Umu ndi mmene chinthu chimene chimayenera kudutsitsa magetsi chimasandukira chokana magetsi, chimene timachitcha Mott insulator. Ma cuprate amayambira pamenepo. Ukachotsamo ma elekitironi ochepa, mipata imatseguka, otsalawo amayamba kuyenda, ndipo superconductivity imatulukira. Funso langa linali lakuti: kodi t ndi U zokhazi n'zokwanira kubala zimenezi?

Ma atomu akandandalikana mu mzere umodzi, yankho lenileni lilipo. Elliott Lieb ndi F. Y. Wu analipeza mu 1968. Koma ma cuprate ndi oyalana m'litali ndi m'lifupi, ndipo pamenepo yankho lotere palibe. Anthu amandifunsa kuti bwanji osangoipatsa kompyuta. Atomu iliyonse ingakhale m'njira 4: yopanda elekitironi, yokhala ndi imodzi ya spin (kamaginito kake ka elekitironi) yoloza m'mwamba, ya spin yoloza pansi, kapena ziwiri zonse. Ma atomu 16 okha amabala njira zoposa 4 biliyoni, ndipo ukawonjezera imodzi nambalayo imachulukanso kanayi. Njira ya quantum Monte Carlo, yongotola zitsanzo mwa apo ndi apo, imagwa m'vuto lotchedwa sign problem: manambala a plus ndi a minus amafafanizana mpaka chotsala ndi phokoso lokhalokha, makamaka pamalo ozizira pomwe ife tikufuna kuonapo.

Choncho tinagwirizana kuti ndigwiritse ntchito DMRG (density matrix renormalization group), njira yowerengera pa kompyuta imene Steven White anayambitsa mu 1992. Imagwira bwino pa timizere ta ma atomu tating'ono m'lifupi koma tatitali. Anzanga ena ankati ndasankha nkhani yokalamba, yoti mapepala ake satuluka msanga. Zoti mapepala amachedwa ankanena zoona. Koma zoti ndi yokalamba ndimakana mpaka pano, chifukwa funso limene silinayankhidwe silikalamba ndi kuchuluka kwa amene analiyesa.

Zotsatira zoyamba zinandionetsa chimene chimavutitsa aliyense m'nkhaniyi. Mipata ija inakana kumwazikana mofanana. Inadzisanja m'mikwingwirima imene timaitcha ma stripe. Mphamvu ya ma stripe ndi ya superconductivity zinali zoyandikana kwambiri, mwakuti kungosintha pang'ono kukula kwa kamzere, chopambana chinkasinthanso. Pulofesa ataona ma graph anati ndikulitse kamzereko m'lifupi, ndione ngati ma stripe akhalabe. Zimene zinatuluka, ndi mkangano umene zinabutsa m'gulu lathu, ndidzakusimbirani m'gawo 10.