Mmene ndinayezetsera amphaka anga matenda a FeLV kuchokera kuno ku Salima

Amene mumaweta amphaka kuno ku Salima, kaya ndi ku Kamuzu Road kaya ku Senga Bay, pali matenda ena amene satchulidwa ngati mmene timatchulira chiwewe koma amatha amphaka mwakachetechete. Dzina lake ndi feline leukemia virus, madokotala a ziweto amangoti FeLV. Ine ndadutsamo mu zoyezetsa zonse ndiye ndati ndifotokoze mmene zinayendera.

Pakhomo panga panali amphaka awiri, wamkazi wachikulire ndi mphongo wachinyamata, ntchito yawo makoswe a mustolo ya chimanga basi. Kenako kunatulukira kamphaka kena kochokera mbali ya kumsika, ana anakakonda nkumakapatsa usipa mbale imodzi ndi enawo. Patapita miyezi kanayamba kuwonda, kudya monyinyirika, mkamwa kununkha, ndipo nditakayasamulitsa nkhama zake zinali zoyera mbee, pansi pa chibwano potupa mwanabere. Aneba ena anati kadya khoswe wa poizoni, ena njoka za m'mimba, enanso mukudziwa kale zimene amanena akaona mphaka wachilendo pakhomo pa munthu.

Ndinayamba ndi alangizi a ziweto, omwe aja amabaya agalu katemera wa chiwewe. Anakapatsa mankhwala a njoka koma anandiuza mosabisa kuti nkhama zoyera choncho ndi kuchepa kwa magazi, ndipo ngati ndi FeLV sizidziwika ndi maso, pafunika kuyeza magazi kwa dokotala wa ziweto ku Lilongwe. Apa mverani, imbani kaye foni musanakwere galimoto, mufunse ngati ali nako kachipangizo koyezera FeLV, nthawi zambiri kamayezera pamodzi ndi matenda ena otchedwa FIV. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, si wongoyenda mwa mwayi. Ndipo tengani amphaka onse a pakhomo, osati wodwala yekhayo.

Zonyamulira ndinagwiritsa madengu a pulasitiki okhala ndi chivindikiro, aliyense lake, ndamanga ndi linya, kansalu konyowa pamwamba. Katoni ayi, mphaka akachita mantha amaiboola. Nyamukani mmamawa dzuwa la ku Salima lisanayambe zake. Za mmene anthu amakuyang'anirani mu minibasi dengu likayamba kulira kuti miyawu, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, kondakitala anandifunsa kawiri konse kuti bwana mwanyamula chani.

Kuyeza kwake nkosavuta. Amatenga magazi pang'ono pa mwendo kapena pakhosi, nkudonthezera pa kachipangizo kofanana ndi kaja amayezera malungo, pakatha mphindi ngati 10 zotsatira zatuluka. Kamafufuza puloteni ina ya kachilomboka yotchedwa p27 imene imayandama m'magazi. Kwa ine zinatuluka chonchi: kamphaka kobwerako kali nako, mphongo uja ali nako, wamkazi wachikulire alibe.

Ndinadabwa chifukwa amphakawa sindinawaonepo akumenyana, amagonera pamodzi pa thumba limodzi. Adokotala anaseka nkuti vuto lake ndi lomwelo. Kachilomboka kamakhala kambiri m'malovu, ndiye kamayenda kwambiri pakati pa amphaka ogwirizana, onyambitana, odyera ndi kumwera mbale imodzi kwa nthawi yaitali. Kulumana nako kumafalitsa, komanso mayi amapatsira ana ali m'mimba kapena poyamwitsa, mamina, mkodzo ndi chimbudzi namonso kamapezekamo. Koma kunja kwa thupi la mphaka sikachedwa kufa, pamalo pouma ndi nkhani ya maola chabe. Ndiye si matenda obwera ndi mphepo kuchokera kwa aneba, amafuna mphaka akhudzane ndi mphaka mnzake. Anthu, agalu, nkhuku ndi mbuzi sakatenga, ana anu asakudetseni nkhawa.

Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake amphaka a m'tauni ali pa chiopsezo kuposa a kumudzi komwe nyumba zili patalipatali. Taganizani kuseri kwa msika komwe amataya matumbo a nsomba, kapena pa thandala za usipa kunyanja, kapena kuseri kwa khitchini za malo ogona alendo komwe amphaka amadikirira zotsala, usiku uliwonse amakumana pamenepo ochokera makomo osiyanasiyana nkumanyambita malo amodzi kenako aliyense kubwerera kwawo kukanyambitana ndi a pakhomo. Mphongo wosathena ndiye woyendayenda kwambiri ndipo amabwera ndi mabala. Koma osatetezeka kwenikweni ndi tiana, ta miyezi yochepa, thupi lawo silitha kulimbana nako, pamene mphaka wamkulu amakhala wolimbirapo. Nchifukwa chake gogo wa pakhomo panga, mphaka wamkazi wachikulire uja, anapulumuka olo amadyera mbale yomweyo.

Si matenda atsopano ayi. William Jarrett ndi anzake ku Glasgow, dziko la Scotland, ndi amene anakatulukira mu 1964 pofufuza khansa ya amphaka. Ku America amati amphaka 2 kapena 3 pa 100 aliwonse ali nako, koma mukangoyeza odwala okhaokha chiwerengero chimatha kufika 30 pa 100, ndipo kumeneko nkomwe anthu amayezetsa ndi kubayitsa.

Chimene anandikhazika nacho pansi adokotala nchakuti kuyeza kamodzi sikutha nkhani. Mphaka akatenga kachilomboka pali njira zitatu. Ena thupi limakagonjetsa msanga kasanakhazikike. Ena kamaoneka m'magazi kwa masabata angapo kenako nkubisala m'mafuta a m'mafupa, mphaka amakhala bwinobwino osapatsira anzake, ngakhale kamatha kudzuka akadzadwala kwambiri. Enawo ndi amene kamakhalamo mpaka kalekale, amapatsira anzawo tsiku ndi tsiku, chitetezo cha thupi chimagwa, magazi amachepa, ena amadwala khansa ya lymphoma, aakazi amapita padera, ndipo ambiri sapitirira zaka zitatu chipezekereni nako. Ndiye wopezeka nako amayezedwanso pakatha masabata 6, wopezeka alibe naye amayezedwanso pakatha masiku osachepera 30 chisiyanireni ndi wodwalayo, poti kachilombo kongolowa kumene sikaoneka. Musalole wina akuuzeni kuti muphe mphaka chifukwa cha kuyeza koyamba kokha.

Kubwerera kunyumba ndiye ntchito yeniyeni inayamba. Aliyense chipinda chake, mbale yake ya chakudya, yake ya madzi, beseni lake la mchenga lochitiramo chimbudzi. Mbale zakale ndinatsuka ndi sopo ndi Jik, thumba logonera lija ndinaotcha. Ana ndinawauza kuti akagwira kodwalako asambe m'manja asanagwire enawo. Usipa ndi matumbo a nsomba ndinayamba kuwiritsa, opanda mchere, chifukwa mphaka wopanda chitetezo zaziwisi zimamudwalitsa msanga. Ndipo chonde, mphaka olo atatentha thupi bwanji musamupatse Panado, kwa mphaka ndi poizoni weniweni, kapiritsi kamodzi kakhoza kumupha.

Titakayezanso, mphongo uja anapezeka kuti m'magazi mulibenso, gogo alibe ndithu, kamphaka kobwerako kokha ndi komwe kanali nakobe. Gogo anabayidwa katemera wa FeLV. Katemerayu amabaya kawiri motalikana masabata 3 kapena 4, kenako kubwerezanso pakatha chaka, ndipo tiana timatha kuyamba tili ndi masabata 8. Sachiza amene ali nako kale, nchifukwa chake kuyeza kumabwera poyamba. Mphongoyo ndinamuthenetsa kuti achepetse maulendo ausiku. Pa zothena ndi kutseketsa amphaka aakazi, bungwe losamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe limagwira ntchito imeneyi, mukhoza kufunsa kumeneko.

Mankhwala ochiziratu FeLV kulibe, amangochiza zimene zabwera, zilonda za mkamwa, kutsegula m'mimba, chifuwa, utitiri. Kodwalako kanabwerera thupi pang'ono titathana ndi za mkamwazo ndipo kamakhala m'nyumba kokhakokha. Chovuta kuposa zonse ndi kutentha kwa kuno, mwezi wa Okutobala sungatseke mawindo usiku, ndiye ndinaitana kalipentala kudzakhoma waya wa sefa pa windo la chipinda chake. Sankhani wachitsulo, wa pulasitiki uja zikhadabo zimang'amba.