Anamzeze a pa mlatho si amodzi

Dzulo chakumadzulo ndinaima pa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, maso ali m'mwamba mpaka khosi kuwawa. Akabaza ankangondiyang'ana ngati mutu wasokonekera.

Abale, timbalame takuda tija timangoti anamzeze, kumeneku kuli mitundu iwiri yofanana ngati mapasa. Yonse ili ndi banga loyera pamwamba pa mchira. Chinsinsi ndi mchirawo. Woyamba, amene pa Chingerezi amati Little Swift, mchira wake ndi waufupi, wodulidwa ngati ndi sizasi, banga lake lalikulu lofika mpaka m'mbali. Thupi lojintcha, phokoso ngati ana a pulayimale akaweruka, ndipo amamanga zisa mothinana pansi pa milatho, nthenga ndi udzu zomata ndi malovu.

Wachiwiri, White-rumped Swift, ndi wowonda, mchira wamphanda, banga lopyapyala ngati mwezi wongooneka kumene. Ameneyu ndiye waulesi, kawirikawiri kumanga ayi, amangolanda chisa cha dothi cha namzeze wa mtundu wina n'kuyalamo nthenga pakhomo.

Vuto ndi liwiro lawo. Akapinda mchira uja, mphanda sioneka, umangoona kansonga. Ndinajambula zithunzi 30 pafoni, zonse mitambo yokhayokha, batire n'kuthera pomwepo.