Superbird ndaiona ndi maso anga

M'mawa uno pa chionetsero cha magalimoto akale kuno ku Indiana, m'dziko la America, bambo wina wachikulire waliza injini ya Plymouth Superbird ya 1970, ndipo tonse amene tinali pafupi tinasiya zocheza. Mkokomo wake umagunda mpaka m'chifuwa. Kutsogolo mphuno yosongoka, kumbuyo chiphiko chachitali chija, zitseko ziwiri basi. Abale anga, zithunzi zimaichepetsa galimoto imeneyi!

Koma mtima ukundiwawa ndikaganiza mmene anaithetsera. A Plymouth anaipanga pofuna kubweza Richard Petty, katswiri woyendetsa magalimoto a mpikisano amene anawasiya n'kupita ku Ford mu 1969, ndipo malamulo a NASCAR, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto ku America, ankafuna kuti galimoto yothamanga pa mpikisano izigulitsidwanso kwa anthu wamba. N'chifukwa chake lero ilipo m'manja mwa anthu ngati bambo aja. Chaka chomwecho cha 1970, Pete Hamilton anapambana nayo mpikisano waukulu wa Daytona 500, ndipo inzake ya phiko, Dodge Charger Daytona, inadutsa liwiro la mamailosi 200 pa ola pa bwalo la mpikisano la Talladega, akuyendetsa Buddy Baker. Pofika 1971 akuluakulu a NASCAR analamula kuti magalimoto a mapiko azigwiritsa ntchito injini yaing'ono ya 305 cubic inches. Kunali kuwachotsa mumpikisano kumeneko.

Ndikudziwa kuti liwiro linkaopsa, ndipo moyo wa oyendetsa si nkhani yamasewera. Komabe kwa ine, akatswiri amene anapanga magalimotowa analangidwa chifukwa chogwira ntchito yawo bwino kwambiri. Chaka chimodzi chokha chinachepa kwa galimoto yotere.