Pasiwedi ya abwana

Malichi si mwezi wabwino kwa ife a ICT m'maunduna. Chiyambire boma kutseka chaka chake cha ndalama pa 31 Malichi, aliyense amene ali ndi vocha yogona mu fayilo amafuna ilowe mu IFMIS, sisitimu ya pa kompyuta imene boma limalipirira ndalama, Epulo asanakwane, ndipo kompyuta ikangochedwa kutseguka, foni yoyamba kulira imakhala yanga. Papepala ntchito yanga ndi kusamala makompyuta ndi netiweki za unduna wathu ku Capital Hill. Koma imene imanditopetsa kwenikweni ndi yokaniza zinthu anthu ondiposa zaka ndi giredi yomwe.

Lolemba linatha ndi tizinthu. Magetsi anathima m'mawa, jenereta inachedwa kuyaka, pulinta ya ku registry inatha inki.

Nkhani inali Lachiwiri. Kampani ina inatibweretsera katundu wa mu ofesi ndipo malipiro ake anaima panjira. Mu IFMIS munthu mmodzi sangayambe malipiro n'kuwamaliza yekha. Wolowetsa vocha ndi wina, woiunika ndi wina, woivomereza ndi winanso, aliyense ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Abwana ovomereza anali kumaliro kumudzi kwawo, kumene foni imagwira munthu akakwera pachulu. Amayi oyang'anira ku akaunti anandiitana, natseka chitseko.

"Achimwene, tatithandizani. Ingosinthani pasiwedi ya abwana aja tivomereze ife, akabwera tidzawauza. Si zakuba izi, katunduyo mwamuona nokha."

"Amayi, katundu ndamuonadi. Koma sisitimu ilemba kuti avomereza ndi abwana, pa ola lakutilakuti, pomwe iwo ali kumanda. Ma odita akadzafunsa, adzayamba ndi ine amene ndinasintha pasiwediyo."

Amayiwa si akuba, ndipo ndikudziwa kuti mwini kampaniyo amawaimbira foni m'mawa ndi madzulo. Anazolowera nthawi ya mapepala, pamene wogwirizira ankangosayina m'malo mwa bwana nkhani n'kutha. Koma ine ndinalowa m'boma fungo la Cashgate lisanathe. Mu Sepitembala 2013 a Paul Mphwiyo, omwe anali mkulu wa bajeti, anawomberedwa pageti la nyumba yawo ku Lilongwe, ndipo apolisi anayamba kupeza ndalama zankhaninkhani m'magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Ma odita a Baker Tilly a ku Britain atafufuza anapeza kuti ndalama zokwana pafupifupi K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti. Anthu ambiri amaiwala kuti nthawi imeneyo IFMIS inalipo kale. Anthu ankalipira makampani oti sanagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta malipirowo mu sisitimu. Kompyuta sinagone. Anthu ndi amene anali ndi makiyi oposa udindo wawo.

N'chifukwa chake IFMIS yatsopano, ya pulogalamu ya SAP, imene inalowa m'malo mwa yakale ya pulogalamu ya Epicor, ine sindiitamira kuthamanga, pakuti masiku ena siithamanga n'komwe. Ndimaitamira kuti chilichonse chochitika imachilemba ndi dzina la wochichita. Anthu akayamba kubwerekana mapasiwedi, phindu lonselo lapita, tatsala ndi makina odula basi.

Njira yoyenera ilipo, kungoti njaitali. Pamafunika kalata yosankha wogwirizira udindo, kenako pempho lopita ku ofesi ya Accountant General kuti wogwirizirayo apatsidwe mphamvu yovomereza m'dzina lake lomwe. Tinalemba tsiku lomwelo. Lachitatu m'mawa amayi aja anandiyankha moni ndi mutu wokha.

Tsiku lonse la Lachitatu ndinakhala ndi a HR, tikufananiza mayina a pa peyirolo ndi nambala za ziphaso za unzika. Ziphasozi, zimene a bungwe la kalembera la NRB analembetsa anthu oposa 9 miliyoni mu 2017, ndi zimene zapangitsa kuti dzina la munthu woti kulibe livute kubisala pa mndandanda wa malipiro. Ife sitinapeze mzukwa. Tinapeza madala athu ena, mesenjala wa zaka zambiri, amene chaka chobadwa cha pa chiphaso chawo chikusiyana ndi cha mu fayilo. Tikatsata chiphaso, zaka 60 anakwanitsa kale ndipo anayenera kupuma. Tikatsata fayilo, zikadalipo. Madalawo anati, "Ana anga, pondilemba ntchito kalaliki anangondiyang'ana nkhope n'kulemba chaka." Kompyuta inangotisonyeza kusiyanako n'kukhala chete. Nkhani tinaitumiza kwa akuluakulu, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Lachinayi ndinapita ku ofesi yathu ya m'boma lina kukalumikiza makompyuta. Kumeneko mawu oti boma lapita pa dijito amawamva pa wailesi. Netiweki ya ofesi ikagwa, anyamata amagula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwawo kuti malipoti afike ku likulu pa nthawi yake, ndipo palibe amawabwezera. Chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti mndandanda wa mayina ndi nambala za ziphaso amaujambula pafoni n'kutumizirana pa WhatsApp. Ndinawafotokozera kuti kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, loyang'aniridwa ndi MACRA. Mmodzi anafunsa kuti nanga atumize pa chiyani, popeza imelo ya boma sanapatsidwe. Funso lake linali lolondola, ndipo ndinalemba mayina awo kuti ndikawapemphere.

Ndinawafunsanso za bakapu, kusunga kope la mafayilo awo pamalo ena. Zonse zili mu kompyuta imodzi ya pakona. Ndinawakumbutsa za kumayambiriro kwa 2024, pamene dziko linakhala masabata osasindikiza mapasipoti, a Lazarus Chakwera n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa mu sisitimu ndipo akufuna dipo. Apo ndiye anatchera khutu.

Pobwerera ndinamva kuti wogwirizira wapatsidwa mphamvu zake. Lachisanu m'mawa anavomereza, ndalama n'kupita ku akaunti ya kampani ija osadzera pa cheke. Vochayo tinaisindikizabe, inasayinidwa, inadindidwa, madala aja n'kuinyamula kupita nayo ku registry.

Masana ndinatsegula mndandanda wa onse amene ali ndi akaunti pa netiweki ya unduna, ntchito imene ndimachita kumapeto kwa mwezi. Ndinapeza dzina la bambo wina amene anapuma mu Disembala, tinamuchitira ndi phwando lotsanzikana. Akaunti yake inalowedwa sabata yatha, kuchokera pa kompyuta ya mu ofesi ya pansi. Ndaitseka, ndalemba memo kwa abwana anga. Amene wakhala akuigwiritsa ntchito abwera yekha Lolemba kudzadandaula kuti kompyuta yake yaonongeka.